Kuvota ndi Mkwiyo: Zimene Malamulo Amakulolani ndi Zimene Muyenera Kudziwa Musanasankhe Nkhope Yatsopano

Kuchokera mu 2014 kufika lero, Amalawi achotsa pulezidenti wolamula katatu konse. Mayi Joyce Banda anagonja mu 2014. A Peter Mutharika anagonja pa chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020, khoti litathetsa zotsatira za 2019. A Lazarus Chakwera nawo anagonja pa 16 Sepitembala 2025. Atatuwa ndi a zipani zosiyana, ochokera m'madera osiyana, koma amene anawachotsa ankadandaula zofanana: zinthu zadula, ntchito kulibe, m'zipatala mulibe mankhwala, pamene kagulu kochepa ka anthu oyandikana ndi boma kakungomanga nyumba zosanja.

Anthu akafika potopa chonchi, mawu amene amamveka m'minibasi, kuchigayo ndi m'misika ndi akuti, "Andale onsewa ndi amodzi, tiyeseko wina." Winayo amakhala munthu amene akuoneka kuti ndale sizinamudetse: m'busa, mkulu wa kampani, mpondamatiki, woimba, wachinyamata wophunzira amene sanakhalepo m'boma, kapena woima payekha wopanda chipani. Kufuna munthu wotere si kulakwa, ndipo malamulo athu amakulolani kutero. Koma malamulo omwewo ali ndi mbali zina zimene wovota wokwiya amazidziwa mochedwa, atavota kale. Voti imaponyedwa tsiku limodzi, koma amene mwamusankhayo mumakhala naye zaka zisanu.

Mkwiyowu uli ndi maziko

Kudandaula za kusiyana kwa olemera ndi osauka si nsanje ayi. Kafukufuku wa ofesi ya boma ya NSO ku Zomba, wa m'chaka cha 2019 mpaka 2020, anapeza kuti theka la Amalawi ndi osauka, ndipo munthu mmodzi mwa asanu aliwonse ndi wosaukitsitsa moti sakwanitsa kupeza ngakhale chakudya chokwanira. Lipoti la bungwe la Oxfam la mu 2015 linasonyeza kuti mu 2004, anthu khumi olemera kwambiri pa anthu 100 aliwonse ankagwiritsa ntchito chuma chochuluka maulendo 22 kuposa anthu khumi osaukitsitsa, koma pofika 2011 kusiyanaku kunali kutafika pa maulendo 34.

Zaka zaposachedwapa ululu wangowonjezereka. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Amene anasunga madola kapena katundu wambiri anadzuka atalemereratu. Mphunzitsi, mlonda ndi mayi wogulitsa tomato anadzuka n'kupeza kuti ndalama imene inkagula sopo, mchere ndi mafuta ophikira tsopano ikugula chimodzi chokha. Mu Febuluwale 2025, mavenda a kaunjika ku Lilongwe anasiya malonda awo n'kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa mtengo wa belo unali utakwera mosaneneka. Zonsezi zinkachitika anthu asanaiwale za Cashgate ya mu 2013, pamene ndalama zankhaninkhani za misonkho zinatuluka ku Capital Hill kulipira ntchito zimene sizinagwiridwe.

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino ali kumbali ya wodandaulayo. Gawo 12 limanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo amene ali pa mipando anangosungitsidwa mphamvuzo. Azigwiritsa ntchito pokhapokha ngati anthu akuwakhulupirirabe. Gawo 30 limapereka kwa munthu aliyense ufulu wa chitukuko. Limalamula boma kuonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana pa maphunziro, zaumoyo, chakudya, pogona ndi ntchito, kuchitapo kanthu pothetsa kusiyana kwa pakati pa anthu, komanso kufotokoza mfundo zake mogwirizana ndi ufuluwu. Choncho munthu amene akufunsa chifukwa chimene mwana wake akuphunzirira pansi pa mtengo pamene nduna zikusintha galimoto sakupempha chifundo. Akufunsa zimene malamulo anamulonjeza.

Tinayesapo kale

Kuthamangira munthu wochokera kunja kwa ndale sikunayambe lero. A Bingu wa Mutharika anabwera mu 2004 ngati katswiri wa zachuma amene anakhala zaka zambiri kunja ndipo anatsogolerapo bungwe la COMESA. Feteleza wa makuponi anawapatsa mbiri yabwino, ndipo mu 2009 anapambana ndi mavoti pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse. Patangotha zaka ziwiri, mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja zinasowa, ndipo pa zionetsero zimene zinayamba pa 20 Julaye 2011 anthu pafupifupi 20 anaphedwa.

A Chakwera anasiya utsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God mu 2013 n'kutenga utsogoleri wa MCP asanakhalepo pa mpando uliwonse wandale. Malemu a Saulos Chilima anachoka pa mpando wa mkulu wa kampani ya Airtel mu 2014, ndipo atayambitsa UTM mu 2018 anakopa achinyamata ambiri mpaka kupeza mavoti 20 peresenti mu 2019. Awiriwa atagwirizana mu 2020, analonjeza ntchito 1 miliyoni, feteleza wa K4,495 pa thumba ndi kudya katatu pa tsiku, ndipo anapeza mavoti pafupifupi 59 peresenti. Patatha zaka zisanu, a Chakwera anapeza 33 peresenti yokha. Owatsatira amaloza mliri wa Covid-19, nkhondo ya ku Ukraine ndi namondwe Freddy. Otsutsa amaloza katangale ndi kusayendetsa bwino chuma. Chigamulo anapereka ndi ovota, ndipo pa anthu 17 amene anaima, anabwerera kwa mtsogoleri wakale wa zaka 85, a Peter Mutharika, yemwe anapeza pafupifupi 57 peresenti.

Kumaiko ena nkhani ndi yomweyi. Ku Zambia, a Frederick Chiluba anachokera ku mabungwe a anthu apantchito n'kugonjetsa a Kenneth Kaunda mu 1991. Ku America, a Donald Trump anapambana mu 2016 asanagwirepo ntchito iliyonse ya boma. Ku Senegal, a Bassirou Diomaye Faye, omwe ankagwira ntchito ya misonkho, anatuluka m'ndende kutatsala masiku khumi kuti chisankho cha mu Malichi 2024 chichitike, ndipo anapambana. Ku Kenya, a William Ruto anachita kampeni ya 2022 ngati mnzawo wa anthu ovutika ngakhale anali wachiwiri kwa pulezidenti kwa zaka pafupifupi khumi; pofika Juni 2024 achinyamata analowa mwamphamvu m'Nyumba ya Malamulo ku Nairobi pokana misonkho yatsopano.

Makolo anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma omwewo anachenjezanso za chikomekome cha mkuyu. Kukhala watsopano si umboni wa luso, ndiponso si umboni wa chinyengo. Chofunika ndi kumuyesa munthuyo, ndipo malamulo akupatsani zomuyesera.

Ndani angathe kuima?

Gawo 40 limapatsa munthu aliyense ufulu woyambitsa chipani, kulowa chipani, kuchita kampeni, kuvota mwachinsinsi komanso kuima pa chisankho. Simukakamizidwa kukhala ndi chipani kuti muime, ngakhale pa mpando wa pulezidenti.

Wofuna upulezidenti ayenera kukhala mbadwa ya dziko lino ndipo akhale atakwanitsa zaka 35. Malamulo aakulu sanaike malire a ukalamba kapena mlingo wa maphunziro pa mpando umenewu. Popereka zikalata zake ku bungwe la MEC, ayenera kutchuliratu amene adzakhale wachiwiri wake ndi kusonyeza masaini a ovota ochokera m'maboma onse. Dzina la wachiwiriyo muziliyang'anitsitsa. Mu Epulo 2012, a Bingu atamwalira, Mayi Joyce Banda ndi amene anatenga mpando monga mwa lamulo, ngakhale anali atachotsedwa kale m'chipani cholamula.

Wofuna uphungu ayenera kukhala nzika ya zaka 21 kapena kuposerapo, yolembetsa m'kaundula wa ovota, komanso yotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Munthu amene khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wa chinyengo kapena wophwanya malamulo a chisankho m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo saloledwa kuima. Msilikali, wapolisi ndi wogwira ntchito m'boma ayenera kutula pansi udindo wake kaye.

Pa pepala khomo ndi lotseguka kwa aliyense, koma ndalama zimalitseka. Pa chisankho cha 2025, wofuna upulezidenti ankalipira K10 miliyoni ndipo bambo wofuna uphungu ankalipira K2.5 miliyoni, amayi, achinyamata ndi aulumali ankalipira zocheperapo. Munthu wolandira malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma pa nthawiyo akanagwira ntchito chaka ndi theka, osadyako ngakhale tambala, koma osaikwanitsa K2.5 miliyoniyo. Ndipo imeneyo ndi yongolowera. Kafukufuku amene bungwe la Westminster Foundation for Democracy linatulutsa chitatha chisankho cha 2019 anapeza kuti woima pa uphungu ankawononga pafupifupi K15 miliyoni, ndipo opambana ankawononga pafupifupi K27 miliyoni. Apa n'zoonekeratu kuti ambiri mwa amene amabwera kudzati "ine ndine mnzanu wovutika" ndi anthu opeza bwino, kapena pali wina wolemera amene akuwalipirira.

Voti yanu imawerengedwa bwanji?

Mu 2004 a Bingu analowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 peresenti, ndipo mu 2014 a Peter Mutharika analowanso ndi 36 peresenti. Izi zinatha pa 3 Febuluwale 2020, pamene oweruza asanu a khoti loona za malamulo aakulu anagamula kuti pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka, zimene ambiri amazitchula kuti 50+1. Khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chigamulochi pa 8 Meyi chaka chomwecho. Ngati palibe amene wadutsa theka, awiri otsogola amapikisananso paokha.

Kwa amene mukufuna nkhope yatsopano, lamuloli ndi lothandiza. Mawu akale aja akuti "usataye voti yako kwa munthu woti sapambana" achepa mphamvu pa mpando wa pulezidenti, chifukwa voti yopita kwa wamng'ono imathandiza kuti akuluakuluwo asadutse theka mophweka, ndipo amakakamizika kumvera zofuna za magulu ang'onoang'ono.

Koma pa uphungu ndi ukhansala lamuloli siligwira ntchito. Kumeneko wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi. M'dera limene anthu atopa ndi phungu wawo, pakaima anthu khumi onse odzitcha atsopano, mavoti a okwiya amagawikana pakhumi, ndipo phungu yemwe uja amabwereranso ndi mavoti ochepa a anthu ake okhulupirika. Ngati mudzi ndi mudzi ukutulutsa mwana wake, amene amapindula ndi amene mumafuna kumuchotsayo.

Mpando uliwonse uli ndi malire ake

Malonjezo ambiri a pa kampeni amagwera pa mfundo imodzi: munthu amalonjeza zimene mpando umene akuufunawo ulibe mphamvu yochita.

Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza ndondomeko ya zachuma, kulondoloza mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama, ndi kulankhulira anthu a m'dera lake. Phungu sakhazikitsa mtengo wa chimanga, salemba aphunzitsi ntchito, ndipo alibe thumba lomangira msewu wa tala. Gawo 57 limaletsa Nyumba ya Malamulo kukambirana bilu yoika msonkho kapena yowonjezera ndalama zotuluka m'thumba la boma popanda chilolezo cholembedwa cha nduna ya zachuma. Ndiye woima pa uphungu akakuuzani kuti "ndikakalowa ndikakweza malipiro a anamwino," mufunseni kuti akadzera njira iti.

Koma ife ovota tili ndi mbali yathu pa vutoli. Kunja kusanache, pa geti ya phungu pamakhala patafola kale anthu. Wina akufuna bokosi la maliro, wina fizi ya mwana, wina galimoto yotengera wodwala kuchipatala, ndipo mfumu yatumiza uthenga woti mjigo wawonongeka. Palibe chimodzi mwa izi chimene malamulo anachiika pa ntchito za phungu. Phungu amene akuyesedwa ndi kuchuluka kwa maliro amene wathandiza amayamba kusakasaka ndalama, ndipo ndalamazo amazipeza kwa amene akulamula kapena kwa amalonda ofuna makontilakiti. Pamenepo pakamwa pake patsekedwa.

Chitukuko cha m'dera chimayenera kudzera ku khonsolo, komwe makhansala amavomereza mapulani ochokera m'makomiti a VDC ndi ADC. Thumba la chitukuko cha m'dera la CDF, lomwe linayamba mu 2006 ndipo pofika 2024 linali K200 miliyoni pa dera lililonse, ndi ndalama za misonkho yanu, si mphatso ya phungu. Mu Meyi 2025 khoti linagamula kuti kulowerera kwa aphungu pa kayendetsedwe ka thumbali kukusemphana ndi malamulo aakulu, chifukwa amene ntchito yake ndi kulondoloza ndalama za boma sangakhalenso woziyendetsa.

Pulezidenti ali ndi mphamvu zambiri. Amasankha nduna ndi akuluakulu a nthambi za boma, ndipo boma lake ndi limene limakonza bajeti. Komabe bajetiyo siyenda Nyumba ya Malamulo isanaivomereze. Pulezidenti wopanda aphungu okwanira amakhala pa mavuto ngati amene anaoneka pakati pa 2005 ndi 2009, a Bingu atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP, pamene bajeti inkachedwa miyezi chifukwa cha mkangano wa Gawo 65 lokhudza aphungu osintha chipani. Palinso zinthu zimene sizimva lamulo la munthu. Dziko lino limagula kunja mafuta, feteleza ndi mankhwala, pamene zimene timagulitsa kunja, makamaka fodya, sizibweretsa ndalama zokwanira kulipira zonsezo. Gawo lalikulu la bajeti limathera ku chiwongoladzanja cha ngongole. Wolonjeza kutsitsa mitengo ya zinthu afotokoze kuti madola adzachokera kuti, adzadula chiyani pa zimene boma limawononga, ndipo msonkho adzauwonjezera kwa yani.

Woima payekha akapambana, amakakhala mbali iti?

Kuno kwathu mkwiyo wa ovota umaonekera kwambiri pa uphungu. Mu 2014, oima paokha anapambana mipando 52 mwa 193. Mu 2019 anapambana 55. Mu 2025, mipando itawonjezeredwa kufika 229, oima paokha anachuluka kuposa aphungu a MCP, chipani chimene chinali m'boma.

Koma si onse oima paokha amene ali atsopano. Ambiri ndi anthu a chipani amene anagwa pa chisankho chachipulula, kapena amene akuti anaberedwa, ndipo mtima wawo uli komwe anachokera. Ena amangodikira kuti aone amene wapambana upulezidenti. Zotsatira zikangotuluka, mumamva pa wailesi kuti, "Anthu a m'dera langa andipempha kuti ndigwire ntchito ndi boma."

Kodi lamulo limawaletsa? Gawo 65 limapatsa Sipikala mphamvu yolengeza kuti mpando wa phungu ulibe munthu ngati phunguyo anasankhidwa ali membala wa chipani china choimiridwa m'Nyumbayo, kenako n'kuchisiya mwakufuna kwake kapena kulowa china. Mawu a gawoli akunena za amene anali m'chipani pa nthawi ya chisankho. Woima payekha sanali m'chipani chilichonse, n'chifukwa chake amalowa kumene wafuna popanda kutaya mpando. Mutha kukana chipani pa voti yanu, koma patangotha mwezi n'kupeza kuti phungu wanu wavala nsalu ya chipani chomwecho.

Nanga mungathe kumuchotsa? Ayi. Malamulo aakulu a mu 1994 anali ndi Gawo 64, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, koma aphungu analichotsa mu 1995. Mabungwe ndi mipingo akhala akupempha kuti libwerere, koma mpaka lero silinabwerere. Mpando wa phungu umakhala wopanda munthu pa zifukwa zowerengeka, monga imfa, kutula pansi udindo, kutaya unzika, kupezeka wolakwa pa milandu imene imaletsa munthu kukhala phungu, kapena Gawo 65. Kusabwera kumudzi ndi kusakwaniritsa malonjezo palibepo. Pulezidenti naye sachotsedwa chifukwa choti zinthu zadula. Gawo 86 limalola Nyumba ya Malamulo kumuchotsa pokhapokha ataphwanya kwambiri malamulo, ndipo pamafunika aphungu awiri mwa atatu aliwonse.

Popeza kubweza voti kulibe, nthawi yofunsa ndi ya kampeni. Woima payekha anene poyera, pa msonkhano, pamaso pa mafumu ndi atolankhani, ngati adzalowe chipani kapena ayi, ndipo ngati adzalowe, chiti. Lonjezo lotere silingamumange kukhoti, koma lidzakhala umboni pa chisankho chotsatira.

Ndalama akuzitenga kuti?

Msonkhano ukatha, dzuwa litapendeka, anthu amauzidwa kuti akhale m'magulu a khumikhumi. Wapampando wa dera amadutsa ndi chikwama, n'kumapereka ndalama kwa mmodzi kuti agawane ndi anzake. Pamakhala kukokanakokana, mnyamata wina amathawa nazo, gogo amene wayenda mtunda wautali amabwerera chimanjamanja. Amene zamuyendera bwino amapeza K2,000. Mukaigawa ndalama imeneyi pa masiku onse a zaka zisanu, ikukwana kwacha imodzi pa tsiku.

Lamulo la zipani za ndale la mu 2018, pa Gawo 41, limaletsa woima pa chisankho, chipani kapena wowaimira kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa ovota. Chilango chake ndi chindapusa cha K10 miliyoni ndi kukhala m'ndende zaka zisanu. Zipangizo za kampeni monga nsalu ndi malaya a chipani siziwerengedwa m'gulu la zoletsedwazi. Lamulo lomweli limalamula zipani kuulula kwa mlembi wa zipani za ndale thandizo lililonse loyambira K1 miliyoni lochokera kwa munthu, kapena K2 miliyoni lochokera ku kampani kapena bungwe. Ofesi ya mlembiyu inakhala zaka zingapo yopanda mwini wake weniweni mpaka mu 2024, ndipo ndi kumene mungakadandaule mukaona kugawa ndalama.

Ena amati wolemera sangabe chifukwa ali nazo kale. Koma munthu amene wawononga mamiliyoni pa kampeni, kaya ndi ake kaya ndi a mnzake wamalonda, amafuna kuti abwerere. Ngati ali ndi makampani amene amachita malonda ndi boma, funsani kuti adzawachita chiyani akadzalowa. Ngati mwalandira kale kanthu, dziwani kuti simunamangidwe. Voti ndi yachinsinsi. Palibe mfumu, m'busa, bwana kapena wapampando amene angadziwe pamene mwachonga, ndipo kuopseza munthu kuti adzachotsedwa pa mndandanda wa feteleza kapena wa Mtukula Pakhomo chifukwa cha voti yake ndi mlandu.

Pakati pa chisankho ndi chisankho

Cholakwika chachikulu ndi kusunga mkwiyo zaka zisanu n'kukautulutsa tsiku limodzi. Malamulo anatsegula njira zingapo zogwiritsa ntchito chaka chilichonse.

Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, potsatira Gawo 37. Mutha kupempha ku khonsolo kuti muone ndalama za CDF zimene zinabwera, ntchito zimene zinagwiridwa, kontilakita amene anapatsidwa ndi ndalama zimene analipidwa. Ofesi iliyonse ya boma iyenera kukhala ndi munthu wolandira mapempho otere ndipo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakukanizani, kadandauleni ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC. Lembani pempho lanu, sungani kope, ndipo wolandirayo adindepo chidindo ndi tsiku.

Lamulo la mu 2013 limalamula pulezidenti, nduna, aphungu, makhansala ndi akuluakulu ena kuulula chuma chawo pasanathe miyezi itatu atalowa pa mpando, ndiponso chaka chilichonse. Nzika ili ndi ufulu wopempha ku ofesi yosunga zikalatazi kuti ione zimene mtsogoleri analemba. Iyi ndi njira yodziwira ngati munthu amene analowa ndi galimoto imodzi watuluka ndi khumi.

Gawo 38 limateteza ufulu wochita zionetsero mwamtendere, popanda zida. Lamulo la apolisi limafuna kuti okonza zionetsero adziwitse bwanamkubwa mwa kalata kutatsala maola osachepera 48. Kumeneku ndi kudziwitsa, si kupempha chilolezo. Koma ufuluwu uli ndi udindo wake. Kuthyola sitolo ndi kuotcha katundu ndi milandu, okonza zionetsero atha kulipitsidwa pa zowonongeka, ndipo nthawi zambiri wovulala amakhala wosauka mnzanu amene kagolosale kake kathyoledwa.

Ziphuphu zikanenedwe ku bungwe lothana ndi katangale la ACB. Kuponderezedwa ndi ofesi ya boma kukanenedwe kwa Ombudsman, ndipo salipiritsa. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Maofesi a NICE Trust m'maboma amathandiza kukonza misonkhano yokumanitsa anthu ndi phungu kapena khansala wawo. Misonkhano ya VDC ndi ADC, imene ambiri amaiona ngati yotayitsa nthawi, ndi kumene kumayambira mndandanda wa ntchito za chitukuko. Mukapanda kupitako, ena amakulemberani.

Musanachonge

Aliyense wobwera kudzapempha voti, wakale kapena watsopano, ayankhe mafunso awa pamaso pa anthu. Kumene wakhala akugwira ntchito, kaya ndi kumpingo, kukampani kapena kubungwe, anasiya mbiri yotani pa ndalama ndi pa anthu amene ankawatsogolera? Zimene akulonjezazo zili m'mphamvu za mpando umene akuufuna? Ndalama zochitira zimenezo zidzachokera kuti? Akumulipirira kampeni ndani? Akuyenda ndi ndani, popeza nkhope yatsopano yozunguliridwa ndi anthu akale omwe aja imabweretsa ulamuliro wakale womwe uja? Kodi adzavota kuti Gawo 64 libwerere? Amene amakwiya akafunsidwa asanalowe sadzayankha akadzalowa. Chenjeraninso ndi amene amati mavuto anu onse abwera ndi mtundu wina kapena chigawo china, chifukwa mtengo wa ufa ku Karonga ndi ku Nsanje susankha chilankhulo.

Chisankho chachikulu chotsatira chidzakhala mu Sepitembala 2030, koma zisankho zapadera zimachitika nthawi iliyonse mpando ukakhala wopanda munthu. Ngati mwakwanitsa zaka 18, onetsetsani kuti muli ndi chiphaso cha unzika chochokera ku NRB ndipo mukalembetse kalembera akadzatsegulidwa. Kukhala pakhomo chifukwa chokwiya sikulanga wina aliyense, chifukwa malamulo athu sanaike chiwerengero cha ovota chimene chiyenera kukwana kuti wopambana alumbiritsidwe. Pitani mukavote, ndipo mukavota musapume: lembani malonjezo amene mwamva, sungani manifesito, ndipo muyambe kufunsa chaka choyamba chomwecho.